Mapazi a pa Waya

Mumpingo monse munalibe wodziwa njira ya ku malekezero a dziko lapansi kuposa a Mukani, ngakhale kuti eni akewo kutali kumene anafikako chibadwire kunali ku depoti ya mabasi. Nakonso ankapita kukaperekeza ena. Basi ikaliza injini, iwo ankakweza dzanja n'kudalitsa dalaivala, matayala ndi katundu yense wapamwamba, kenaka n'kubwerera ku shopu yawo yosokera nsapato akupukuta thukuta ngati munthu amene wawoloka nyanja wapansi.

Dzinali sanabadwe nalo ayi. Anali wapampando wa komiti yotumiza alaliki kumaiko akutali, ndipo ukawapatsa mpata woyankhula m'tchalitchi, kaya n'kulengeza za ambulera yotayika, nkhani inkakathera pa liwu limodzi. "Ambuye sanati khalani. Sanati kaganizeni kaye. Anati mukani! Ku mitundu yonse!" Ana a Sande sukulu ndiwo anayamba kuwatchula choncho kumbali, akuluakulu n'kutolera, mpaka eni ake analimva n'kulivala ngati chipewa chaulemu. Akazi awo okha ndi amene ankalipotoza pang'ono. Ankati, "Ambuye anati mukani, koma bambo akwathuwa anamva makani."

Makaniwo anali ndi chida chake, kafunso ka mawu awiri. Mnyamata akati sangapite chifukwa wangokwatira kumene, a Mukani ankapendeketsa mutu n'kufunsa, "Vesi yake?" Wina akati bambo ake ali chigonere kuchipatala, ankamuuza kuti akufa aziikana okhaokha, ndipo ankatchula buku, mutu ndi ndime kuti munthu asaganize kuti ndi nkhanza zawo. Wogwira khasu sacheuka. Zokolola zachuluka koma antchito ndi ochepa. Wokonda atate ndi amake koposa Ambuye sayenera Ambuye. Mavesi ankatuluka m'kamwa mwawo monga misomali imene ankaluma akamakhoma soli, umodziumodzi, uliwonse wolunjika pamalo pake.

Ukalimba mtima n'kuwafunsa kuti nanga iwo osamuka bwanji, ankamwetulira mokumvera chisoni. "Mwana wanga, adzalalikira bwanji ngati sanatumidwe? Zinalembedwa zimenezo. Ndiye pamafunika wotuma. Ine ndine wotuma." Panalinso bondo. Bondo la a Mukani linali lodabwitsa: linkawalola kulumpha masitepe a kuguwa ngati mnyamata, koma munthu akangotambasula mapu linkayamba kuwawa.

Koma tisawanamizire, ntchito ya manja awo ankaidziwa, ndipo anaipezera vesi yake. Malemba amati mapazi a olalikira uthenga wabwino ndi okongola. A Mukani anaona kuti phazi lokongola silingapite kunja litavala zilizonse, motero anakhazikitsa lamulo mukomiti loti munthu asatumidwe asanavekedwe nsapato zosokedwa ndi wapampando. Wosankhidwa ankabwera ku shopu, n'kuvula, n'kuponda pa katoni. A Mukani ankazunguliza pensulo m'mbali mwa phazi, n'kudula katoniyo ndi sizasi, n'kusoka nsapato zachikopa chenicheni, soli yake yokhuthala. Tsiku lotumiza ankagwada pamaso pa mpingo wonse, bondo lili phee, n'kumuveka munthuyo, n'kumanga zingwe, n'kuimirira, n'kufuula liwu lawo lija mpaka malata kunjenjemera. Ankakonda kunena kuti nsapato ya a Mukani siitha ulendo usanathe.

Makatoni aja sankataya. Ankawabowola pachidendene n'kuwatunga pa waya amene anamanga pamwamba pa benchi yawo, ndipo mphepo ikalowa mapaziwo ankagwedezeka ngati akuyenda. Wobweretsa nsapato yong'ambika ankayamba wamva mbiri ya phazi lililonse asanauzidwe tsiku lodzatenga. Anthu ena amanyadira masatifiketi, a Mukani ankanyadira mapazi a ana a eni.

Phazi limodzi pa wayapo ankalidumpha msanga pofotokoza. Linali la mnyamata woimbitsa kwaya, wamfupi, wamanyazi, mwana mmodzi yekha wa mayi ositira anthu zovala tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi shopuyo. Mnyamatayo poyamba anakana, ati amayi atsala ndi yani. A Mukani anamukhomera vesi pambuyo pa vesi mpaka anavomera. Anakakhalako miyezi yowerengeka, malungo aakulu n'kumutenga, n'kuikidwa konko. Kwawo kunangobwera chikwama. Pa maliro opanda bokosiwo a Mukani analalika za mbewu imene iyenera kugwa m'nthaka ndi kufa kuti ibale zambiri, ndipo anthu anavomereza kuti ulaliki unali wamphamvu. "Mayi, musalire ngati opanda chiyembekezo," anatero. "Mwabwereketsa kwa Ambuye." Mayiwo anabwerera ku tebulo lawo ndi simbi yawo yamakala, ndipo chiyambire tsiku limenelo moni wawo kwa a Mukani unali wa mutu wokha.

Kunyumba kwa a Mukani kunatsala mwana mmodzi, chitsiriza wamkazi, namwino pa chipatala chaching'ono cha m'deralo. Akulu ake anakwatira n'kumwazikana, ndipo chodabwitsa n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene maitanidwe anamupeza. Namwinoyu anali diso la bambo ake, ndipo apa sindikukuluwika. Maso a a Mukani anali atayamba kuchita chifunga, bowo la singano osalionanso. M'mawa uliwonse popita kuntchito mwanayo ankadzera ku shopu, n'kulowetsa ulusi wopaka phula m'masingano okwana tsiku lonse, n'kuwabaya pamzere pa chidutswa cha siponji. Makasitomala ankatama maso a mdala wosoka wopanda magalasi, mdalayo n'kumati ndi chisomo. A Mukani ankamukonda mwanayo kwambiri, kukonda kwenikweni, kopanda ndime.

Lamulungu lina abusa analengeza kuti kudziko lina lakutali, kuseri kwa malire angapo, kukufunika munthu wodziwa zachipatala woti akathandize pa kachipatala ka mpingo ndi kulalikira kwa odwala. Kenaka anapereka maiki kwa wapampando. Tsiku limenelo a Mukani anadzipambana okha. Anayamba ndi kholo lija linauzidwa kusiya dziko lake ndi abale ake, n'kudzera pa mneneri wothawa ulendo amene anakathera m'mimba mwa chinsomba, n'kufika pa liwu la kumwamba lofunsa kuti ndidzatuma yani. Jekete anavula. Thukuta linali chuchuchu. Maso awo anali pa benchi ya anyamata, makamaka pa wina wogwira ntchito ku famase yogulitsa mankhwala amene anali atawerama ngati akufuna ndalama yogwa pansi.

"Ndidzatuma yani? Mulibe munthu muno? Muli mabenchi okhaokha?"

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kumbali ya amayi munthu anaimirira.

"Ndilipo. Nditumeni ine."

Chifukwa cha chifunga cha m'maso chija, a Mukani anangoona chithunzithunzi cha diresi loyera. Anafuula aleluya kawiri, n'kulamula mpingo kuwomba m'manja, n'kunena kuti makolo a mwana ameneyu ndi odala pakati pa makolo onse. Anatsika masitepe manja ali tambalale. Atatsala pang'ono kufika, chifunga chinayera, n'kuona kuti ndi mwana wawo yemwe, ndipo aleluya wachitatu anawakakamira pakhosi ngati fupa.

Madzulo ake kunyumba chakudya chinazizira patebulo. A Mukani anali atatsegula Malemba pakati pa mbale, chala chili kunyambitidwa, masamba ali pepupepu.

"Iwe, unamva bwino mawu amene anakuyankhulawo? Si mzimu uliwonse umene tiyenera kuukhulupirira."

"Ndinamva inu, bambo," anatero namwino. "Ndakhala ndikukumvani chibadwire."

"Ine ndimanena anyamata."

"Munati muli mabenchi okhaokha. Simunati mabenchi a anyamata."

"Akazi akhale chete mumpingo. Zinalembedwa."

"Uthenga woti manda ali pululu anayamba kuunyamula ndi akazi. Munalalika nokha chaka chatha."

"Lemekeza atate wako ndi amako!"

"Wokonda atate wake ndi amake koposa..."

"Ndikuidziwa imeneyo!" anakalipa a Mukani, n'kumenya tebulo mpaka supuni kudumpha. "Usandiphunzitse mavesi anga m'nyumba mwanga!"

Vuto linali lomwelo, kuti mavesiwo anali awo. Mwanayo anakulira pansi pa benchi ya shopu akutola misomali, ndipo vesi iliyonse imene bambo ake anakhomera mwana wa mnzawo iye anaimva n'kuisunga. Akati ntchito iyambire kwanu konkuno, iye ankamaliza kuti n'kukafika ku malekezero. Akati wosasamala a m'banja lake aposa wosakhulupirira kuipa, iye ankawakumbutsa amene anasiya atate awo m'ngalawa ndi maukonde omwe. Sankanena mwachipongwe, ndipo n'zimene zinkawawa kwambiri. Mwanayo ankakhulupiriradi.

Akazi awo maso anali psuu ndi kulira. Pomaliza anasonkhanitsa mbale n'kunena ali chiimire. "Bambo, akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Inu phazi simunasiyepo paliponse. Mwakhala mukusiya mlomo khomo ndi khomo, lero wakupezani pakhomo panu. Mwana wanga ndikumufuna kuposa inu, koma musandiyang'ane ine. Ine vesi ndilibe."

M'mawa mwake a Mukani anavala tayi n'kupita ku ofesi ya abusa. Anayamba ndi kutali, ati komiti iyenera kusamala, ati nthawi zino si zakale, ati mwina Ambuye akufuna kuti tiyambe talimbitsa ntchito ya kuno kwathu. Abusa anali munthu wofatsa amene anapirira wapampandoyu zaka zambiri monga mmene munthu amapiririra dzino lobowoka. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamimba.

"Akulu a mpingo, mwandidabwitsa. Paja chaka chija ndinapempha kuti tiyambe takonza denga la Sande sukulu, munati chiyani?"

"Zinali zina zimenezo, abusa."

"Munati denga lilibe mzimu. Ndinapita kunyumba n'kukalemba mawu amenewo." Abusa anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wadikira nthawi yaitali. "Mpingo wonse ukunena za inu. Akuti ameneyu ndiye mtumiki, wapereka wake weniweni. Musadandaule, tsiku lotumiza tidzakupatsani nthawi yokwanira."

A Mukani anatuluka ulemu uli pamutu ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. M'njira anthu ankawaimitsa n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Wa ku famase uja anachita kuwoloka msewu kudzawathokoza, ndipo kuthokoza kwake kunali kochokera pansi pa mtima.

Pofika ku shopu anali atakumbukira chinthu chimodzi chimene abusa ndi mavesi onse sakanachigwedeza. Lamulo la nsapato. Popanda nsapato za wapampando, munthu satumidwa. Analilemba okha, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti linalidi louziridwa.

Namwino anabwera kudzayezetsa phazi akuweruka kuntchito. Anavula nsapato zake zoyera n'kuponda pa katoni. A Mukani anagwada ndi pensulo. Mapazi ambiri anawazunguliza moyo wawo wonse osawaona, koma ili analiona. Linali phazi lalikulu kwa mkazi, lotambalala ngati lawo lomwe, ndipo pafupi ndi chala chaching'ono panali chipsera cha msomali umene mwanayo anaponda m'shopu momwemo akuphunzira kuyenda. Tsiku limenelo anamunyamula kuthamanga naye kuchipatala, bondo osalikumbuka. Mzere wa pensulo unakhota.

"Mukundigirigisha, bambo," anaseka mwanayo.

Atachoka, a Mukani anadula katoniyo n'kuikweza kuti aitunge pa waya monga mwa chizolowezi. Inakagundana ndi ya woimbitsa kwaya uja, ndipo ziwirizo zinapsatirana ndendende, chala pa chala, chidendene pa chidendene, ngati phazi limodzi. Anayang'ana tsidya la msewu. Mayi osita anali pa tebulo lawo akuuzira makala a m'simbi, ndipo sizinadziwike ngati anaona kapena ayi. Katoni ya namwinoyo a Mukani anaiponya m'dilowa n'kutseka.

Kuyambira pamenepo m'tauni monse munasowa chikopa. Chikapezeka chinali chosayenera ntchito ya Ambuye. Chikayenera, guluu anali atauma. Guluu atapezeka, dzanja linatupa. Tsiku lotumiza linasunthidwa kamodzi, n'kusunthidwanso, ndipo a Mukani ankapukusa mutu mukomiti n'kunena kuti mdani akulimbana nayo ntchitoyi. Zoona mdani analipo, ndipo ankakhala pampando wa wapampando. Pamapeto abusa ananena mofatsa kuti ngati dzanja silikuchira, komiti ikhoza kungokagula nsapato kusitolo. Dzanja linachira tsiku lomwelo.

Ndiye anasoka. Anasoka ndi masingano amene mwana yemweyo anawalowetsera ulusi m'mawa, ndipo manyazi anawagwira pang'ono, koma osati okwanira kuwaletsa. Anatenga katoni ija m'dilowa n'kuidula m'mbali monse, chala chathunthu kuchotsapo. Nsapato zinatuluka zokongola kuposa zonse zimene anasokapo, zakuda, zonyezimira, zoti zikanamukwana mwanayo akadali kusukulu. Namwino atapempha kuti ayese, anamukaniza, ati nsapato ya wotumidwa imavalidwa koyamba pamaso pa mpingo. Lamulo limeneli linali latsopano, linabadwa tsiku lomwelo.

Tsiku lotumiza tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Namwino anakhala pampando kutsogolo, mapazi ali pa kalipeti opanda kanthu. Kwaya itatha, a Mukani anabwera ndi bokosi, n'kukweza nsapato m'mwamba kuti onse azione, n'kugwada. Analowetsa zala. Phazi linakana. Anakankha, n'kupotoza, n'kupuma mwamphamvu kuti a kumbuyo amve. Anayesa inayo, nayonso inakana. Mpingo unayamba kunong'ona. Namwino anayang'ana nsapato, n'kuyang'ana bambo ake pamutu pa dazi, ndipo anamvetsa zonse. Misozi inalengeza m'maso mwake.

A Mukani anaimirira pang'onopang'ono ndi nkhope ya munthu amene waona masomphenya.

"Abale, zaka zonsezi ndasoka nsapato za atumiki, ndipo palibe imene inakanapo phazi. Ndinayeza ndekha. Ndinadula ndekha. Kodi izi n'zamunthu? Paja ngakhale atumwi Mzimu unawaletsapo kulowa m'dera lina. Khomo limene Ambuye atseka, ndani angatsegule? Ine ndi mtima wosweka ndikuti tigonjere chizindikiro."

Ena anayamba kuvomera kuti ameni. Abusa anakanda kumutu. Zikanatheka ndithu, chifukwa mpingo umakonda chizindikiro kuposa ulaliki. Koma ku benchi yakumbuyo kunamveka kukhwekhwereza kwa jumbo, ndipo mayi osita zovala aja anaimirira. Anayenda pakati pa mabenchi osafulumira, jumbo ili m'manja, mpaka kufika kutsogolo kumene anali asanapondeko chichitikire maliro.

"Pepani abusa, ine si woyankhula pagulu," anatero. Mawu awo anali otsika koma m'tchalitchi munali zii, moti anamveka mpaka kukhomo. "Ndakhala ndikuona chikopa chikusowa tsidya linalo, ndiye ndinati ndinyamule izi, mwina zingathandize."

Anatulutsa nsapato zachikopa zofiirira, zopakidwa polishi, soli yake yokhuthala, yongodyeka pang'ono kuchidendene. A Mukani, amene bowo la singano sankaliona, msoko wawo anauzindikira ali patali.

"Zinabwera m'chikwama cha mwana wanga," anatero mayiwo. "Munanena nokha, a Mukani, kuti nsapato yanu siitha ulendo usanathe. Onani, sizinathe. Ndiye kuti ulendo ukadalipo." Anatembenukira kwa namwino, ndipo nkhope yawo inafewa. "Mwanawe, ine sindikukuthamangitsa. Ukafuna kukhala, khala, ndipo wina asakufunse vesi. Koma ngati ukupita, usalepheretsedwe ndi chikopa."

Namwino anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikupita, mayi."

Mayiwo anaika nsapatozo m'manja mwa a Mukani. Sanaziponye, sanazikankhe, anazipereka ndi manja awiri mwaulemu wonse, monga mmene amaperekera malaya ositasita kwa mwini wake.

Panalibe kothawira. A Mukani anagwadanso, ndipo ulendo uno bondo linawawadi. Mumtima ankapempha chizindikiro china, chenicheni, koma ankadziwa kale zimene waya anawaonetsa. Phazi linalowa ngati kwawo. Linalo chimodzimodzi. Anagwira zingwe, zala zikukanika kupanga mfundo imene anamanga kambirimbiri pa mapazi a ana a anzawo. Anaweramira pafupi kuti maiki isatole.

"Usapite, mwana wanga," ananong'ona. "Chonde. Ndikukupempha ine bambo ako."

Namwino anaika dzanja pa phewa lawo. Ankalira poyera tsopano, ndipo anafunsa mofatsa, mwina akulakalaka kuti yankho lipezeke.

"Vesi yake, bambo?"

A Mukani anafufuza. Anayambira kuchikuto mpaka kuchikuto, mabuku onse amene ankawatchula ali m'tulo, ndipo paliponse pamene anagogoda anapeza msomali umene anakhoma okha. Anali ndi vesi ya mwana aliyense wa mumpingomo. Ya wawo analibe.

Anamanga mfundo. Anaimirira mogwira mpando. Abusa anawapatsa maiki, mpingo n'kukhala tcheru kudikira liwu lija logwedeza malata. Pakamwa panatseguka, koma panangotuluka mpweya, maiki n'kuukuza. Anthu anayamba kuyang'anana.

Mayi osita anali asanabwerere kumalo kwawo. Anali chiimire pambali, jumbo yopanda kanthu ataipinda bwinobwino m'manja.

"Nenani, a Mukani," anatero. "Kwa wanga munanena mokweza."

A Mukani ananena. A kutsogolo okha ndi amene anamva, ndipo ena mwa iwo amatsutsabe mpaka lero kuti silinali liwu koma kubuula.

M'mawa wa tsiku la ulendo, a Mukani atatsegula shopu kuti atenge chipewa, anapeza siponji yonse itadzaza masingano. Mwanayo anali atalowetsa ulusi mu singano iliyonse imene inali m'kabokosi, zazikulu ndi zazing'ono, ndi zadzimbiri zomwe, n'kuzibaya mothithikana mpaka malo kutha. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Zikanawafikitsa mwina kumapeto kwa sabata.

Ku depoti mpingo unaimba, akazi awo anamukumbatira mwanayo osafuna kumusiya, ndipo namwino anakwera atavala nsapato zofiirira zija. Basi inaliza injini. Anthu anatembenukira kwa wapampando kuti adalitse dalaivala ndi matayala monga mwa nthawi zonse, koma dzanja silinakwere. Basi itayamba kuyenda, a Mukani anayamba kuitsatira, poyamba mwakachetechete ngati akufuna kuuza kondakitala kanthu, kenaka mothamanga. Chipewa chinagwa osachitola. Anatuluka pageti la depoti, n'kudutsa ogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu, akuitana mwana wawo ndi dzina la paubwana limene mpingo unali usanalimvepo, mpaka pa mphambano pamene basi inakhota n'kuwasiya m'fumbi ndi utsi, manja ali m'mawondo.

Pa mphambano imeneyo, kuseri kwa malo omwetsera mafuta, ndi pamene a Mukani anafika kutali kwambiri pa ulendo wa ku mitundu yonse.